Tchuthi cha a Elifala

Mkamwini sakhala pampando pamene mwini mbumba wakhala pansi. Lamulo limeneli silinalembedwe m'buku, koma m'midzi ya m'mapiri a kum'mawa kwa Mponela ngakhale mwana amene sanayambe sukulu amalidziwa. Ngakhale zili choncho, tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Okutobala, chaka chachiwiri chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, a Elifala analiphwanya masanasana, anthu akuona.

Pakhomo pa aNachisale, apongozi awo, panali mpando umodzi wokha, wa ndalema, ndipo a Elifala ndiwo anaukhalira. Anali atasanjikiza miyendo, atavala jekete loyera la ukapitawo limene anabwera nalo kuchokera ku Lilongwe, zolembera zikusuzumira m'thumba, nsapato zikunyezimira ngakhale kuti pabwalopo panali fumbi lokhalokha. Pamenepo anatulukira a Yeremiya, mlongo wa aNachisale, amene anali mwini mbumba ndiponso mkulu wa mpingo, munthu waimvi woyendera ndodo. Mkamwini woleredwa bwino akanadzambatuka, napereka mpandowo, nakakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. A Elifala anangotambasula dzanja ali chikhalire.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

Nkhalambayo inayang'ana dzanjalo, inayang'ananso mpando, kenaka inatsamira ndodo yake n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi m'mphepete mwa khonde. Mawondo ake analira. Akazi amene ankaswa mtedza pamphasa anaweramitsa mitu. Ester yekha, mng'ono wa mkazi wa a Elifala, ndiye ananong'ona mawu amene aliyense anawamva: "Demokalase ija ndi imeneyi."

Munthu akanati n'kunyada, ndipo kunyadako kunalipodi. Koma chachikulu chimene chinawamata pampandopo chinali mantha. Mlendo wochokera kutauni ndiye amakhala pampando. Wokhala pansi ndi munthu wapamudzi. A Elifala ankaopa kuti akangokhala pansi kamodzi kokha, anthu awaona mmene analili: munthu wopanda ntchito, wopanda nyumba, wodyera kwa apongozi.

Kwa zaka zambiri iwo anagwira ntchito pafakitale ina yosoka zovala ku Lilongwe, mpaka anakwezedwa kukhala kapitawo wa odula nsalu. Atakwezedwa chomwecho anapempha chitengwa, namutenga mkazi wawo Lidia pamudzi pa amayi ake, ndipo tsikulo analankhula mawu amene mudzi sunaiwale: "Mkazi wanga sadzagwiranso khasu." Kenaka dziko linasintha. Zovala za kaunjika zinasefukira m'misika yonse, ndipo malaya atsopano anasowa wogula. Eni fakitale anapakira makina awo m'magalimoto n'kupita nawo kudziko lina kumene ankati kusoka n'kotsika mtengo, ndipo antchito anapeza geti lokhoma. A Elifala anayendayenda m'maofesi osaphulapo kanthu. Anagulitsa wailesi, mipando ndi kama, ndipo potsiriza mwini nyumba anawatulutsa. Kwawo ku Malomo kunalibe kolowera, pakuti mayi awo anamwalira kale ndipo timinda tonse tinali m'manja mwa alongo awo. Kunangotsala kwawo kwa mkazi.

Ali m'basi, ana awo Tikondwe ndi Diana atagona pamiyendo, a Elifala anati kwa Lidia: "Tikafika tikanene kuti ndili patchuthi. Fakitale itsegulidwanso, n'kudikira pang'ono chabe." Lidia anawayang'ana nthawi yaitali, koma poti analonjeza m'tchalitchi kuti adzamvera mwamuna wake, anavomera. Anafika pamudzipo anthu akukolola. Tsopano dzuwa linali litatentha, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Ntchisi, koma tchuthicho chinali chisanathe.

A Yeremiya atapuma, analankhula osakweza mawu.

"Akamwini, ndabwera ndi nkhani ya munda wa kukhwawa. Munda umene uja ndi wa Lidia. Anampatsa agogo ake asanakwatiwe. Chichokereni inu wangokhala tsala. Tsopano Ester wakwatiwa, ndipo mwamuna wake Enoki alibe polima pokwanira. Mvula yayandikira. Ngati mwabwera kudzakhala, nenani, mundawo ndi wanu. Koma ngati ndinu alendo, mlendo sitimpatsa munda. Ndiupereka kwa Ester. Mudziwenso ichi: kuno munthu akagalauza tsala n'kuunda mizere, sitimchotsamo."

Khomo linali lotseguka, ndipo nkhalambayo inalitsegula mwaulemu. Mawu amodzi oona akanakwanira. A Elifala anamva thukuta likutsika pansi pa jekete. Anayang'ana akazi aja, anakumbukira mawu a khasu aja amene iwo eni analankhula, ndipo anaseka kuseka kouma.

"Amalume, ife munda wa chiyani? Ufa timagula m'sitolo. Apatseni anawa alimemo."

"Mwatero?"

"Ndatero."

"Nanga tchuthichi chitha liti? Chatalika kuposa cha ana asukulu."

"Kumapeto kwa mwezi uno," anayankha a Elifala mosaganiza. "Mwezi ukamatha tikhala tili ku Lilongwe."

Lichero linagwa m'manja mwa Lidia, amene anali pakati pa akazi oswa mtedza aja, ndipo mtedza unamwazika pafumbi. Anayamba kutola osadzutsa nkhope. A Yeremiya anamuyang'ana, kenaka anayang'ana mkamwini, nadzuka ndi ndodo yawo popanda wowathandiza.

"Zamveka," anatero. "Ester, umuuze mwamuna wako anole khasu."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Lidia anawapeza amuna ake kuseri kwa nkhokwe akupukuta nsapato ndi kansanza.

"Bambo a Tikondwe, mwataya chakudya cha ana ndi pakamwa panu."

"Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa mawu miyezi yonseyi. Nkhokwe iyi iyang'aneni. Ya amayi ndi yomweyi, ndipo tikudya ndife anthu anayi amene sitinalimeko. Munda uja ukapita, chaka chamawa ana adzadya chiyani? Jekete?"

"Ndanena kuti fakitale itsegulidwa. Lolemba ndipita ku Mponela kukamva."

"Mwapitako Lolemba lililonse. Mwamva chiyani?"

A Elifala anauzira mpweya pansapato n'kupitiriza kupukuta. Bodza lili ndi khalidwe ili, kuti silikhala mwa mwini wake yekha, limafuna antchito. Mmawa mwake linali Lamulungu la Mgonero wa Ambuye. Lidia, amene chiyambire utsikana wake sanaphonyepo Mgonero, anasiya bulauzi yake yoyera ya Chigwirizano cha amayi a mpingo m'sutikesi, nakakhala kubenchi yakumbuyo. Mkate ndi chikho zikudutsa, iye anapinda manja. Amayi ake atamufunsa potuluka, anati mutu unkamuwawa. Limenelo linali bodza lachiwiri, lobadwa mwa loyamba, ndipo a Elifala analimva ali chapafupi.

Lolemba anavala jekete lija n'kutsika phiri. Pamudzi ankadziwa kuti amapita kukaimba lamya ku ofesi. Zoona zake n'zakuti ankangozungulira m'makonde a masitolo a ku Mponela, kuonerera atelala akupalasa makina awo, osalimba mtima kupempha ngakhale ganyu yodula nsalu, kuopa kuti wina wa kumudzi angawaone. Tsikulo akudutsa pamsika, pamene milu ya kaunjika inayalidwa pamapepala apulasitiki, anamva mawu akuwakuwa.

"Kapitawo! Eee, a kapitawo enieni! Jekete likadali mbuu!"

Anali Felton, mwamuna wamfupi wandevu amene ankasita zovala pafakitale ija. Anali ataimirira pakati pa mulu wa mathalauza, atavala zipewa zitatu pamutu poitanira malonda.

"Tsitsani mawu, a Felton," anatero a Elifala akuyang'ana uku ndi uku.

"Nditsitse mawu pamsika? Ndidya chiyani? Amayi, bwerani muone diresi ili, mwini wake anangovala kamodzi n'kunenepa! Nanga inu a kapitawo, mukutani kuno?"

"Ndili kumudzi pang'ono. Kodi za kuntchito kuja mwamvapo zotani? Akuti atsegula liti?"

Felton anavula chipewa chimodzi n'kuwayang'anitsitsa, kuseka kutatha pankhope pake.

"Atsegula chiyani? Ndinadutsako pokatenga belo la kaunjika ili. Chikwangwani anachotsa. Mkati muja, momwe munkaima inu ndi sizasi yanu yaikulu ija, aunjikamo matumba a feteleza mpaka kudenga. Kulibe kutsegula, akulu. Kunatha."

A Elifala anagwira mtengo wa shedi ya Felton. Mumtima mwawo ankadziwa kale, koma chinthu chimene munthu akuchidziwa yekha amatha kuchikana. Chikanenedwa ndi wina pamsika sichikanika.

"Ine ndinalira sabata yathunthu," anapitiriza Felton, "kenaka ndinaona kuti misozi sakazingira. Chomwe chinatiphachi ndicho chikundidyetsa. Bwerani tithandizane. Inu nsalu mumaidziwa. Muzisankha zabwino, ine ndizikuwa."

"Anthu a kwathu amagula pamsika uno."

"Ndiye bwino, adzagula kwa inu!" Felton anaima kaye. "Kodi kumudziko mwawauza kuti chiyani?"

A Elifala anakonza kolala ya jekete n'kuchoka, ndipo Felton sanawaitanenso.

Pokwera phiri anadutsa m'mphepete mwa munda wa kukhwawa. Utsi unkafuka. Enoki, mwamuna wa Ester, wamtali ndi wosalankhulalankhula, anali atatentha kale zitsamba za kumtunda, ndipo ankagalauza nthaka ali chivulire malaya. Nthaka yake inali yakuda, yonona, yopuma zaka zambiri. Ataona a Elifala anatsitsa khasu, nagwira m'manja mwaulemu.

"Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha mundawu. Mwatithandiza."

"Palibe kanthu," anatero a Elifala. "Limbikirani."

Kuyambira tsikulo, mmawa uliwonse akakhala pampando wa ndalema ankamva khasu la Enoki likugunda kutsidya, ndipo kugunda kulikonse kunkachotsa kachigawo ka munda m'manja mwa ana awo. Akanatha kudzuka nthawi ina iliyonse n'kupita kwa a Yeremiya. Ankati apita mawa. Mawalo likafika, ankapeza kuti bodza lakula kuposa dzulo, ndipo manyazi olivula akula nalo limodzi.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene iwo sanachiganizire potchula tsiku lija. Kumapiri kuno mlendo sangozimiririka ngati mbala. Amamukonzera kamba wapaulendo, ndipo tsiku lochoka mudzi umamuperekeza mpaka pamsewu, kumunyamulira katundu ndi kumupempherera. Mwezi utayandikira kutha, aNachisale anatapa chimanga m'nkhokwe ija, imene pansi pake panali patayamba kuoneka, nayamba kukonola. Anapeta nyemba zimene anasungira mbewu. Anakazinga mtedza. Monga mwa mwambo sankalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anatuma mwana wawo.

"Lidia, uwauze amuna akowo kuti ufawu ndi wochepa, asatiseke. Tikudziwa kuti kutauni amadya zabwino."

Lidia anafikitsa uthengawo liwu ndi liwu, akuwayang'ana amuna ake m'maso.

Kutatsala tsiku limodzi, aNachisale anagwira thadzi lawo lomaliza, limene linali litayamba kufungatira mazira, nalipereka kwa Ester kuti aliphe. Ester anadutsa nalo pafupi ndi mpando, mutu uli lendee.

"Alamu, mwatimalizira nkhuku pamudzi pano! Tchuthi china mukadzabwera tidzakupherani mbewa. Koma mukafika mutitumizireko malaya atsopano a kufakitale kwanu. Tatopa nazo zovala za anthu akufa za pamsikazi."

"Ndidzatumiza," anatero a Elifala.

"Mwamva nonse? Anena okha! Anga akhale amaluwa ofiira, alamu, osati ngati a agogo."

Nyama ya nkhukuyo inawakanika kumeza, koma anadya, poti mlendo sakana ndiwo yomuphera.

Mmawa wa tsiku laulendo, Lidia akumanga katundu m'nyumba, anafunsa mosatembenuka.

"Tikatsika matola ku Mponela, tikalowera kuti?"

"Mulungu adziwa."

"Musamutchule. Mwamunamiza mokwanira." Anamanga mfundo ya chitenje mwamphamvu. "Pakamwa panga sipadzakuchititsani manyazi, ndinalonjeza. Ndiyenda nanu mpaka pamsewu. Koma ngati phazi langa likwere galimoto imeneyo ndi ana awa, sindikudziwa."

Operekeza anali ambiri. Akazi anasenza thumba la ufa, mtanga wa nyemba ndi sutikesi. Amayi ena a Chigwirizano anabwera kudzatsanzikana ndi mnzawo. Amuna anatsagana ndi a Yeremiya pambuyo. A Elifala anayenda patsogolo, manja opanda kanthu, jekete lili mbuu. Njira inadzera kumunda wa kukhwawa. Mbali yonse ya kumtunda, kwa nthaka yakuda kuja, kunali mizere yoongoka bwino yodikira mvula. Kunangotsala kumunsi, kwa miyala ndi tsekera. Enoki ataona gululo anaika khasu paphewa n'kulowa pamzere wa operekeza.

Pamsewu sanadikire nthawi yaitali. Matola inatulukira ikufukiza fumbi, itadzaza anthu ndi mbuzi, ndipo kondakitala analumpha isanaime. Mosakhalitsa thumba la ufa ndi sutikesi zinali pamwamba. Tikondwe ndi Diana anagwira chitenje cha mayi awo. Lidia anaima chilili, osasuntha.

"Tipemphere," anatero a Yeremiya, navula chipewa.

Onse anaweramitsa mitu. Nkhalambayo inapemphera momveka bwino, monga inkachitira m'tchalitchi.

"Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha mlendo wathu amene mwamusunga pakati pathu. Masiku ano ambiri akuchotsedwa ntchito ndipo akubwerera m'midzi manja ali m'khosi, koma mkamwini wathu mwamusungira malo ake. Tikuyamikani chifukwa cha chifundo chimenechi. Dalitsani mabwana ake. Dalitsani nyumba imene ana awa akagonemo lero..."

A Elifala anatsegula maso. Anaona mutu waimvi uli wowerama padzuwa, ukuyamika Mulungu chifukwa cha chinthu chimene kulibe. Anaona apongozi awo ali chogwada pafumbi, manja okonola aja atagwirana. Anali atanamiza mudzi, anali atamulekanitsa mkazi wawo ndi Mgonero, ndipo tsopano bodza lawo linali kukwera kumwamba kudzera pakamwa pa mkulu wa mpingo. Nyumba imene ana akagonemo lero! Manyazi amene ankawathawa miyezi yonseyi anaoneka aang'ono poyerekeza ndi amene anawagwira pamenepo.

Anagwira mkono wa nkhalambayo pemphero lisanathe.

"Amalume," ananong'ona, "lekani. Ndili ndi mawu. Tipite pambali."

A Yeremiya anatsegula maso, koma sanasunthe.

"Mawu anji?"

"Ntchito inatha, amalume. Kulibe kumene tikupita."

Nkhalambayo sinadabwe. Inapuma mozama, niyankha motsitsa mawu kuti amve awiri okha.

"Tsiku lija ndinakhala pansi kuti inu musavutike kutsika. Simunatsike. Tsopano mukuti pambali? Munda munaukana pabwalo, muli pampando, anthu akumva. Chimene ndinapereka sindingalande. Kumtunda kwapita, ndipo ndiko kunali chakudya. Kumunsi kwa miyala kwatsala, koma nakonso n'kwa Ester ndi Enoki tsopano. Ngati mukukufuna, mupemphe kwa eni ake, onse akumva."

"Madala!" anakuwa kondakitala akumenya chitseko cha galimoto. "Tikupita, kapena tchalitchi chayamba?"

"Tsitsani katunduyo," anatero a Elifala.

"Mwati bwanji?"

"Ndati tsitsani. Sitikupita."

Kondakitala anaponya thumba ndi sutikesi pansi akung'ung'udza za anthu otayitsa nthawi, ndipo matola inanyamuka. Fumbi litatsika, anthu anali chiimire, akuyang'anana. A Elifala anamasula mabatani a jekete, nalivula, nalipinda, naliika pasutikesi. Malaya amkati anali ong'ambika m'khwapa ndi osokereredwa pamsana, ndipo aliyense anaona. Kenaka anayenda masitepe ochepa kuchoka pamene panali a Yeremiya, nakhala pansi pafumbi la msewu, miyendo atatambasula, nsapato zonyezimira zija zili patsogolo. Anawomba m'manja monga achitira mkamwini.

"Amalume, amayi, abale nonse, ndimvereni." Anakweza mawu. "Ine sindili patchuthi. Fakitale inatsekedwa tisanabwere kuno, ndipo sidzatsegulidwanso. Ntchito ndilibe. Nyumba ku Lilongwe ndilibe, anatitulutsa. Ku Mponela sindinkaimba lamya ina iliyonse, ndinkangoyendayenda m'makonde. Kutha kwa ntchito si mlandu wanga, ambiri zawagwera. Mlandu wanga ndi wakuti ndinanama. Ndadya chimanga cha amayi monga mlendo, pamene ndinayenera kuchigwirira ntchito monga mwana wapakhomo. Nkhuku zawo ndamaliza. Ufa uwu ndi nyemba izi ndikanazitenga lero, ndikudziwa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu."

ANachisale anatembenukira kumbali n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ester, amene sankasowa chonena, anagwira pakamwa.

"Munda wa mkazi wanga ndinaukana chifukwa cha manyazi ogwira khasu. Enoki, Ester, munalima mwachilungamo, ndipo mizere yanu sindikuikhudza. Ndikupempha kumunsi kuja, kwa miyala. Ngati mukana, mwakana ndi chifukwa, ndipo ndidzagwira ganyu m'munda mwanu momwemo."

Enoki anayang'ana mkazi wake. Ester anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nagwedeza mutu kuvomera.

"Miyalayo ndi yambiri, alamu," anatero Ester. "Nsapato zimenezo muzivule."

Enoki anatsitsa khasu paphewa, nadzaliika pansi patsogolo pa a Elifala, mpini utaloza kwa iwo. Iwo analiyang'ana, koma sanaligwire msanga.

"Sindinamalize kulankhula," anatero. "Amayi a Chigwirizano muli pano, mumve ichi. Lamulungu lija mkazi wanga sanadwale mutu. Anakana Mgonero chifukwa cha bodza limene ine ndinamusenzetsa m'basi, iye asakufuna. Ngati mpingo ufuna womuitana kubwalo, muitane ine. Mayi a Tikondwe, ndinalonjeza pamudzi pano kuti sudzagwiranso khasu, ndipo pofuna kusunga mawu onyada amenewo ndakutayitsa munda wa agogo ako. Ndakulakwira." Kenaka anatembenukira kwa a Yeremiya, naweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa. "Ndipo inu, amalume, munabwera pakhomo ndi ndodo, ine ndinakusiyani mukhale pafumbi ndili pampando wa apongozi anga. Sindinaiwale mwambo ayi. Ndinkaudziwa bwino lomwe, ndipo ndinachita dala. Ndalakwa, pamaso panu nonse ndi pamaso pa Mulungu."